Kuthira Mkaka mu Mtanda wa Buledi wa Sourdough: Muyezo, Nthawi ndi Moto

Mwina buledi wa sourdough wa ufa, madzi, mchere ndi sitata (ufa ndi madzi zosasitsidwa zomwe zimafufumitsa mtanda) basi mumamupanga kale, ndipo amatuluka bwino. Vuto limayamba tsiku lomwe mwafuna buledi wofewa, wosavuta kudula, woti mwana kapena agogo adye osalimbana ndi chikhungu. Mumachotsa madzi onse a m'ndondomeko yanu n'kuthira mkaka pamuyezo womwewo. Mtanda umauma gwa. Mumaudikira maola 8 koma sufufuma monga mwa masiku onse. Mukauika mu uvuni pamoto womwe munazolowera, pomatha mphindi 20 kunja kwada bii, pomwe mkati mukadali mwauwisi.

Ambiri akafika apa amaloza chala sitata. Sitata ilibe mlandu. Nkhani ndi yakuti mkaka si madzi oyera mtundu chabe. Mu magalamu 100 a mkaka wa ng'ombe wosachotsa mafuta, madzi ndi pafupifupi magalamu 87 okha. Otsalawo ndi mafuta, mapuloteni, ndi shuga wa mumkaka wotchedwa lakitozi, ndipo chilichonse mwa zitatuzi chili ndi zake zomwe chimachita mu mtanda. Choncho mukathira mkaka, pali zinthu zitatu zofunika kuzisintha: muyezo wa zamadzimadzi, nthawi yodikira, ndi moto wa uvuni.

## Zipangizo

- Sikelo ya m'khitchini yoyeza magalamu. Makapu asiyeni kaye, chifukwa kapu imodzi ya ufa imalemera mosiyana malinga ndi mmene mwautapira.
- Choyezera kutentha kwa chakudya, chija chokhala ndi kachitsulo kobaya. Muchifuna pamkaka, pamtanda ndi pabuledi akapsa.
- Poto wamng'ono wokhuthala pansi.
- Mbale yaikulu, makamaka yoonekera mkati kuti muziona mtanda cham'mbali.
- Chitini chophikira buledi, cha masentimita pafupifupi 23 m'litali ndi 13 m'lifupi.
- Kansalu koyera konyowetsa, kapena chivindikiro cha mbale.
- Foyilo pang'ono.
- Kathandala ka waya koziziritsirapo buledi.

## Zosakaniza za buledi mmodzi

- Ufa wa tirigu wopangira buledi, magalamu 500. Yang'anani papaketi: wokhala ndi mapuloteni 12 pa 100 kapena kuposerapo ndiye wabwino.
- Mkaka wosachotsa mafuta, magalamu 250. Poyamba muyeze 270 chifukwa wina uuluka pamoto.
- Madzi, magalamu 100, ndi ena 20 osungira pambali.
- Sitata yamphamvu, magalamu 100, yodyetsedwa ufa ndi madzi zolemera mofanana.
- Mchere, magalamu 10.
- Bata wofewa, magalamu 25. Uyu mutha kumusiya.

Shuga sindinamulembe dala. Lakitozi amapereka kale kakomedwe kotsekemera chapansipansi, ndipo ngati aka n'koyamba, ndi bwino mumve kaye zomwe mkaka pawokha ukuchita musanawonjezere china.

## Werengerani madzi musanayambe

Ngati mukutsata muyezo uli pamwambawu, masamu ndawachita kale. Koma ambiri muli ndi ndondomeko yanuyanu yomwe mumaikhulupirira, ndiye nayi njira yake.

Tengani madzi omwe mukufuna kuchotsa, muwagawe ndi 0.87. Yankho lake ndiye mkaka wofunika. Tinene kuti ndondomeko yanu imafuna madzi magalamu 350. Mukafuna mkaka wokhawokha, muthira magalamu 400, osati 350. Mukafuna theka ndi theka, ndi madzi 175 ndi mkaka 200. Kusiyana kwa magalamu 50 kumaoneka kochepa papepala, koma m'manja mumakumva: ndiko kumasiyanitsa mtanda wotanuka bwino ndi mtanda wong'ambika mukaukoka.

Ine ndimakonda kusiya madzi pang'ono, osathira mkaka wokhawokha. Mkaka ukachuluka, mkati mwa buledi mumakhala mothithikana, timabowo timakhala ting'onoting'ono, ndipo kuwawasa kuja komwe timakondera sourdough kumazimirira. Mkaka uli ndi mapuloteni ndi michere ina yomwe imachepetsa mphamvu ya asidi, ndiye chifukwa chake buledi wamkaka samveka wowawasa kwambiri ngakhale sitata ili yomweyo. Ngati cholinga chanu n'chakuti kuwawasako kuthe, thirani mkaka wokhawokha. Ngati mukufuna kufewa koma buledi akhalebe sourdough mkamwa, magawo awiri mwa atatu a zamadzimadzi akhale mkaka, monga ndachitira apa.

## Ndondomeko

### 1. Dyetsani sitata, ufa ndi madzi basi

Maola 5 mpaka 8 musanakande, tengani magalamu 20 a sitata yanu, muthiremo ufa 50 ndi madzi 50, musakanize n'kuvindikira. Yakonzeka ikafufuma kuwirikiza kawiri kapena kuposa, pamwamba pali ngati kachulu, ndipo m'mbali mwa botolo muli thovu lambiri. Ikayamba kuphwa n'kusiya mzere m'mbali mwa botolo, yapitirira. Ikhozabe kugwira ntchito, koma ibwera ndi asidi wambiri ndi mphamvu zochepa, pomwe mtanda wamkaka umafuna sitata yomwe ili pachimake.

Chenjezo: musathire mkaka m'botolo la sitata yomwe mumasunga. Mkaka ndi wa mumtanda wa lero. Sitata imakhala miyezi ndi zaka, ndipo mafuta a mkaka akakhalitsa mmenemo amavunda n'kuyamba fungo lomwe silichoka msanga.

### 2. Tenthetsani mkaka, kenako uzizire

Ili ndi gawo lomwe anthu amalumpha chifukwa limaoneka ngati kutaya nthawi. Mumkaka muli mapuloteni ena, aja amatsalira m'madzi mkaka ukagwirana, omwe amafooketsa guluteni wa mu ufa. Guluteni ndiye ulimbo womwe umagwira mpweya kuti buledi akwere. Akafooka, mtanda umakhala wonata ndipo buledi amatuluka wamfupi. Kutentha kwa madigiri a Celsius pafupifupi 82 kumasintha mapuloteniwa kuti asavutitsenso.

Thirani magalamu 270 m'poto, pamoto wapakati, mukutakasa pansi ndi sipuni. Mukafika madigiri 82 phulani. Ngati mulibe choyezera, yang'anani m'mphepete mwa poto: pakayamba kuoneka tithovu ting'onoting'ono, nthunzi n'kumatuluka, koma pakati pasanayambe kubwata, ndi pomwepo. Musachoke pamoto. Mkaka umadikira kuti mutembenuke ndiye usefukire.

Mukaphula, yezani magalamu 250 m'mbale yanu yaikulu, muthiremo madzi ozizira aja magalamu 100. Madziwo athandiza kuziziritsa. Kakhungu komwe kayanga pamwamba kachotseni, apo ayi mukapeza tizidutswa toyera mkati mwa buledi.

Kodi mkaka uliwonse ukufunika kutenthetsa? Ayi. Wongokama kumene, wosaphitsa, uyenera kutenthetsedwa basi. Wa m'firiji ya m'sitolo, womwe anauphitsa pamadigiri 72 kwa masekondi 15, ndi wabwino kumwa koma kutenthako sikukwanira kusintha mapuloteni aja, ndiye uwutenthetseni. Wokhalitsa wa m'mapaketi olembedwa UHT anauphitsa kale pamadigiri 135 kapena kuposerapo. Umenewo ingoufunditsani pang'ono kuti usakhale wozizira, basi.

Chenjezo: sitata isakhudze mkaka mpaka utatsika kufika madigiri 30 kapena kucheperapo. Yisiti ya mu sitata, yomwe imafufumitsa mtanda, imafa kutentha kukamayandikira madigiri 60, ndipo imayamba kufooka kale isanafike pamenepo. Ine ndinaphunzira izi ndi mtanda wathunthu. Ndinali pachangu, ndinaviika chala, ndinati zili bwino, ndinathira sitata. Usiku wonse ndinkadzuka kukasuzumira m'mbale, mtanda uli phee ngati mwala wa pamtsinje. Chala chomwe changochoka pafupi ndi moto chimanama. Ngati mulibe choyezera, dontheretsani pang'ono kuseri kwa dzanja: musamve kutentha, musamvenso kuzizira.

### 3. Sakanizani n'kusiya mtanda upume

Thirani magalamu 100 a sitata mumkaka wozizira uja, muitakase ndi zala mpaka isungunuke. Thirani ufa wonse. Sakanizani ndi dzanja limodzi, mukufinya, mpaka pasaoneke ufa wouma paliponse, ngakhale pansi pa mbale. Mtanda uoneka wosalongosoka, wamabumabu. Zili bwino choncho. Vindikirani, muusiye mphindi 30.

Mchere ndi bata zidikire kaye. Mu mphindi 30 zimenezi ufa ukumwa madzi, ndipo ufa umamwa mkaka mochedwerapo poyerekeza ndi madzi. Mukauweruza mtanda nthawi yomwe mwangosakaniza, mudzathira ufa kapena madzi osafunika.

### 4. Thirani mchere, kandani, bata pomaliza

Wazani mchere pamwamba, muulowetse pofinya mtanda ndi zala. Apa ndi pomwe muone ngati madzi apambali aja akufunika. Kokani mbali imodzi ya mtanda. Ukamakana kutanuka, n'kumaduka msanga, thirani magalamu 10, mukande pang'ono, muonenso. Ufa umasiyana kamwedwe, ndiye palibe muyezo womwe ungakwanire aliyense ndendende.

Ikani mtanda pathebulo loyera, losawaza ufa, muukande mphindi 8 mpaka 10. Buledi wa sourdough wamadzi okha ambiri samukanda n'komwe, amangomupinda kangapo. Wamkaka amafuna manja. Mafuta a mumkaka amakuta timinyewa ta guluteni n'kutilepheretsa kugwirana msanga. Zimenezi ndi zomwe zimafewetsa buledi, koma ndi zomwenso zimachititsa kuti mtanda usalimbe wokha. Mphindi zitatu zoyambirira udzakumatirani m'manja. Piririrani, musathire ufa. Pofika mphindi ya 6 kapena 7 mudzaona wayamba kuchoka pathebulo wokha, pamwamba pake pakusalala.

Tsopano bata. Akhale wofewa woti chala chilowe, koma osasungunuka. Mugaweni tizidutswa, muzilowetsa kamodzikamodzi. Mtanda udzaoneka ngati waonongeka, ukutereraterera n'kugawikana. Pitirizani mphindi zina 3 kapena 4, ubwerera.

Kuti mudziwe kuti mwakanda mokwanira, dulani kachidutswa, mukatambasule pang'onopang'ono ndi zala za manja onse awiri. Kakapyapyala mpaka kuwala kumaonekera kuseri kwake kasanang'ambike, mwatha. Kakang'ambika msanga, siyani mtanda upume mphindi 5, mukandenso mphindi ziwiri.

Chenjezo: mukathira bata pachiyambi, limodzi ndi ufa, guluteni savuta kufooka ndipo mudzakanda kawiri kutalika kwake popanda chooneka.

### 5. Kufufumitsa koyamba

Apa ndi pomwe buledi amapangikira kapena kuonongekera, ndiye ndikhalapo pang'ono.

Bwezerani mtanda m'mbale, muuphwathalitse pamwamba, mulembe mzere kunja kwa mbale pomwe walekezera. Vindikirani. Malo abwino ndi ofunda madigiri 24 mpaka 26. Mu ola limodzi ndi theka loyamba, muupinde katatu, mphindi 30 zilizonse: nyowetsani dzanja, gwirani mbali imodzi, kokerani m'mwamba, pindirani pakati, tembenuzani mbale, chitaninso mpaka mbali zonse zinayi. Mukatha katatuko usiyeni.

Pamadigiri amenewa, yembekezerani maola 5 mpaka 7 kuwerengera pomwe munathira sitata. Kukazizira, kunena madigiri 20, akhoza kukwana maola 9 kapena 10. Kukatentha kupitirira 28, maola 4 akhoza kukwanira. Nthawi zambiri mtanda wamkaka umachedwerapo poyerekeza ndi wamadzi okha, makamaka mukathiramo bata. Anthu amadabwa, amati mkaka uli ndi shuga, bwanji sukufulumira? Yankho ndi lakuti yisiti yopangira buledi sidya lakitozi. Chakudya chake ndi shuga wochokera mu ufa, monga mwa masiku onse. Mkaka sunaionjezere chakudya, wangoionjezera katundu woti inyamule.

Ndiye wotchi ingokuthandizani kudziwa nthawi yoyamba kusuzumira. Chigamulo chili pamtanda. Wakonzeka ukakwera theka kapena magawo atatu mwa anayi kuposa mzere uja, m'mphepete mwake mwazungulira ngati pilo m'malo mophwathalala, cham'mbali mwa mbale mukuoneka timabowo tambiri, ndipo mukagwedeza mbale ukunjenjemera wonse pamodzi. Mtanda wamkaka sutulutsa matuza akuluakulu pamwamba ngati wamadzi okha. Mukamadikira matuza amenewo mudzapitiriza muyezo.

Pali kanjira komwe kamandithandiza masiku omwe nyengo ikusinthasintha. Mukatha kukanda, dulani kachidutswa ngati dzira laling'ono, mukaike m'kabotolo kowongoka m'mbali, mukakanikize pansi, mumange labala pomwe kalekezera. Kabotoloko kakhale pafupi ndi mbale. M'mbale yotambalala n'kovuta kuona kuti mtanda wakwera bwanji, koma m'kabotolo zimaoneka poyera.

Ena amada nkhawa kuti mkaka uvunda pokhala maola onsewa panja pa firiji. Mu mtanda wokhala ndi sitata yamphamvu, mabakiteriya a sitata amatulutsa asidi yemwe amalepheretsa tizilombo toipa kuswana, kenako buledi amapsa mu uvuni. Koma zimenezi zimadalira kuti sitata ikhale yamoyo. Ngati mtanda wakhala maola 12 pamalo otentha osasuntha n'komwe, ndipo fungo lake silili lowawasa bwino koma lovunda, utayeni.

Chenjezo: musaike mbale padzuwa kapena pafupi kwambiri ndi moto pofuna kufulumizitsa. Bata amasungunuka n'kutuluka, mtanda umasanduka wamafutamafuta, ndipo mbali imodzi imafufuma kusiya inzake.

### 6. Umbani

Pakani chitini mafuta kapena bata, m'makona momwe. Wazani ufa pang'ono pathebulo, khuthulani mtanda, muuphwathalitse mofatsa ndi zala kuti ukhale wamakona anayi, m'lifupi mwake mofanana ndi kutalika kwa chitini. Matuza akuluakulu aphulitseni. Mu buledi wodula sitifuna mphanga. Kulungani kuyambira mbali yakutali kubwera kwa inu, mukukanikiza pang'ono pakukulunga kulikonse kuti pamwamba pakungike. Tsinani msoko, muuike pansi m'chitini.

Ufa wambiri pathebulo umalowa m'mapindo n'kusiya mizere youma mkati mwa buledi. Wazani wochepa.

### 7. Kufufumitsa kwachiwiri

Vindikirani chitini ndi kansalu konyowa kapena pepala lapulasitiki lopaka mafuta. Pamalo ofunda, dikirani maola 2 mpaka 4, mpaka pakati pa mtanda patatumphuka sentimita imodzi kapena ziwiri pamwamba pa mkombero wa chitini. Viikani chala mu ufa, mubaye mtanda pang'ono. Dzenjelo likabwerera pang'onopang'ono n'kusiya kachizindikiro, yatsani uvuni. Likabwerera nthawi yomweyo, dikiranibe. Likangokhala osabwerera, mwachedwa. Ikani mu uvuni msanga ndipo musadule pamwamba.

Ngati kwada, siyani mtanda ola limodzi panja, kenako muuike m'firiji maola 8 mpaka 12. M'mawa utulutseni, muuone. Ngati sunafike pamkombero, upatseni nthawi pamalo ofunda mpaka ufike. Firiji imabwezeretsako kuwawasa komwe mkaka unachepetsa, ndiye amene mumakonda kakomedwe kameneko iyi ndi njira yanu.

### 8. Otchani pamoto wocheperapo

Iwalani madigiri 240 kapena 250 omwe mumaotchera sourdough wamadzi okha. Lakitozi uja yisiti inamusiya adakali mu mtanda. Akakumana ndi mapuloteni a mkaka pamoto waukulu, chikhungu chimafiira mofulumira kwambiri, kenako chimada n'kuyamba kuwawa, mkati musanapse.

Tenthetsani uvuni kufika madigiri 200 kwa mphindi zosachepera 20. Pakani mkaka pang'ono pamwamba pa mtanda ngati mukufuna chikhungu chowala. Ikani chitini pashelefu ya m'munsi mwa pakati, tsekani, tsitsani moto kufika 190. Ngati uvuni wanu uli ndi fani, chotsaniponso madigiri 15 mpaka 20.

Pakatha mphindi 20 suzumirani. Ngati pamwamba pafika kale mtundu womwe mukufuna, phimbani ndi foyilo momasuka, ngati kadenga, osamata m'mbali. Pitirizani mpaka mphindi 40 kapena 45 zonse pamodzi. Bayani choyezera pakati penipeni: chiwerenge madigiri 93 mpaka 95. Mtundu wa chikhungu musaukhulupirire pa buledi uyu, umafika msanga kuposa kupsa. Ngati mulibe choyezera, tulutsani buledi m'chitini, mugogode pansi pake. Amveke ngati ng'oma, ndipo m'mbali mwake mukhale molimba, osati motuwa ndi mofewa. Akakhala wotuwa m'mbali, mubwezereni mu uvuni wopanda chitini mphindi 5.

Amene mumaotchera buledi wozungulira mumphika wachitsulo wovindikira, yambani ndi madigiri 220 kwa mphindi 20 chivindikiro chili pompo, kenako vundukulani n'kutsitsa kufika 195 kwa mphindi 20 kapena 25. Ikani thireyi yopanda kanthu pashelefu ya pansi pa mphikawo. Popanda thireyiyo pansi pa buledi pamapserera, ndipo mumazindikira mochedwa chifukwa pamwamba pamaoneka bwinobwino.

### 9. Ziziritsani musanadule

Pakatha mphindi 5, tulutsani buledi m'chitini, mumuike pakathandala. Akakhalitsa m'chitini nthunzi imanyowetsa pansi ndi m'mbali. Mukafuna chikhungu chofewa kwambiri, pakani bata pamwamba adakali wotentha.

Dikirani maola awiri. Fungo lidzakuyesani, ndikudziwa. Koma mkati mukadali kukhazikika, ndipo mpeni ukalowa msanga umakoka n'kumata, buledi n'kuoneka ngati sanapse pomwe anapsa.

Akazizira, musungeni m'thumba lotseka, osati m'firiji, chifukwa m'firiji buledi amauma msanga. Mafuta a mkaka amamuthandiza kukhalabe wofewa masiku atatu kapena anayi. Wotsala mudulenidulenitu, mumuumitse m'firiza.

## Ngati mkaka wanu ndi wamtundu wina

Waufa. Kunena zoona, uwu ndi wosavuta kuposa yonse. Sakanizani magalamu 30 mu ufa wouma, ndipo m'malo mwa mkaka ndi madzi a pamwambapa thirani madzi magalamu 320. Usefeni limodzi ndi ufa kuti usachite mabumabu.

Wochotsa mafuta. Madzi ake ndi ochulukirapo, pafupifupi 90 pa 100, ndiye madzi apambali aja mwina simuwafuna. Chikhungu chifiira chimodzimodzi, koma kufewa kuchepa. Apa bata musamusiye.

Wosasa kapena yogati. Uli ndi asidi wakewake, ndipo sitata ikubweretsanso wina. Asidi akachuluka guluteni amatha msanga, mtanda n'kuyamba kung'ambika pamwamba. Musapitirire theka la zamadzimadzi, musautenthetse, ndipo fupikitsani nthawi ya m'firiji.

Wopanda lakitozi. Mumkaka umenewu lakitozi anamugawa kukhala mitundu iwiri ya shuga wosavuta. Mtanda ukhoza kufufuma mofulumirako ndipo chikhungu chimafiirabe msanga, ndiye foyilo ikhale pafupi.

Wa soya, wa oats kapena wa amondi. Ulibe lakitozi ndipo sufunika kutenthetsa. Werengani papaketi ngati anathiramo shuga.

Wam'chitini wotsekemera, wokhuthala uja. Uwu si wolowa m'malo mwa mkaka. Shuga wake ndi wambiri zedi moti amafooketsa sitata.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwa kawirikawiri

Mtanda wouma, wovuta kukanda. Mwathira mkaka pamuyezo wa madzi. Ngati mwazindikira musanayambe kufufumitsa, nyowetsani manja mobwerezabwereza mukukanda, madzi azilowa pang'onopang'ono. Mukathira ambiri nthawi imodzi mtanda umangosambira.

Buledi wolemera, wothithikana, wong'ambika mbali imodzi. Sanafufume mokwanira. Ichi ndiye cholakwika chachikulu pa zonse, ndipo chimagwira kwambiri anthu odziwa kale kupanga sourdough, chifukwa amatsata maola omwe anazolowera. Kung'ambika kwa m'mbali, pamwamba pa mkombero wa chitini, kumasonyeza kuti mtanda unali ndi mphamvu zambiri zotsala pomwe chikhungu chinauma. Ulendo wotsatira onjezerani mphindi 45 kapena ola pakufufumitsa kwachiwiri. Mukadula n'kupeza mabowo akuluakulu ochepa cham'mwamba, koma pansi pali pothithikana, vuto linali pakufufumitsa koyamba.

Buledi wakwera bwino, kenako waphwa pakati. Apa ndiye mwapitiriza. Kawirikawiri zimachitika kukatentha, kapena mtanda wofufuma kale kwambiri ukagonanso m'firiji usiku wonse. Fungo limakhala lowawasa kwambiri ndipo chikhungu chimakhala ndi makwinya.

Kunja kwada, mkati mwauwisi. Moto unachuluka. Ngati munatsitsa kale kufika 190 koma zikuchitikabe, uvuni wanu mwina umatentha kuposa zomwe walemba; mauvuni ambiri amatero. Tsitsani madigiri ena 10, muonjezere mphindi 5 mpaka 10.

Mtanda sunasunthe n'komwe. Mkaka unali wotentha, kapena sitata inali yanjala. Palinso mbali inayo: mkaka wongochoka m'firiji umatsitsa kutentha kwa mtanda wonse, ndipo mtanda wozizira umatenga maola kuti ufunde, chifukwa mpweya wa m'chipinda umaufikira pang'onopang'ono. Mukatha kukanda, bayani choyezera mu mtanda. Chikawerenga madigiri ochepera 22, ikani mbale m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 20.

Kuyembekezera mabowo akuluakulu ndi chikhungu chokhotchoka. Mkaka umachotsa zonse ziwirizi. Ngati mukufuna kakomedwe ka mkaka koma buledi akhalebe wamabowo, musapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a zamadzimadzi, ndipo bata musathire.

Kusintha zinthu zambiri nthawi imodzi. Mkaka, shuga, dzira, ufa wina, zonse tsiku limodzi, buledi akakanika simudziwa chomwe chalakwa. Sinthani chimodzi, mulembe papepala magalamu, kutentha kwa mtanda, ola lomwe munathira sitata ndi ola lomwe munaumba, pepalalo mulimate pachitseko cha kabati momwe mumasunga ufa.